DAKWI, FUTARI NDI MAOLA A SWAUMU: PHUNZIRO KWA OFUNA KUCHEPETSA THUPI



Abale ndi alongo anga Asilamu a ku Mua, Golomoti, Mtakataka ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, tiyeni timuyamike Allah amene watisunga ndi moyo mpaka kutifikitsanso pa khomo la mwezi wa Ramadhan. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Funso limene tikambirane m'phunziro lino makolo athu sankalifunsa. Kale munthu akanenepa tinkati wapeza bwino, ndipo mai akaonda tinkanong'onezana kuti pakhomopo pali mabvuto. Lero ambiri a ife tikubwerako ku chipatala ndi mau amodzimodzi: "Chepetsani thupi, magazi akuthamanga, shuga wakwera." Mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ofesi ya Boma yowerengera anthu ku Zomba inapeza kuti amai 21 mwa 100 ali onse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno anali onenepa mopitirira muyeso.

Tsono ana athu a matelefoni amva kuti kunja kuli njira yochepetsera thupi pokhala maola 16 osadya. Ena aganiza kuti, poti m'Ramadhan tikusala kale, bwanji ndingosiya dakwi kuti maola achuluke? Ena akuti achedwetse kumasula. Kodi kutero nkololedwa pa Deen? Nanga thupi limapindula nazo? Yankho lake ndi ili: chimene chimachepetsa thupi si kutalikitsa swaumu ayi, koma zimene timaika m'mbale kuyambira Magharibi mpaka Subuhi.

NIYA POYAMBA

Swaumu ya Ramadhan ndi nsanamira ya Chisilamu, ndipo timaimanga chifukwa cha Allah yekha. Munthu amene wamanga ndi cholinga choti lamba akwane basi, ameneyo wangokhala ndi njala. Koma ngati niya iri yoyera, kenaka thupi nkupepuka, chimenecho ndi chifundo choonjezera, palibe tchimo. Thupi ndi amana imene tinapatsidwa kuti tiisamale. Mu Bukhari timawerenga za Abdullah bin Amr bin Al-As, swahaba amene ankafuna kumanga tsiku liri lonse. Mtumiki (S.A.W.) anamuletsa, namukumbutsa kuti thupi lake nalonso liri ndi gawo lake loyenera kupatsidwa.

SWAUMU YATHU IMATALIKA BWANJI KUNO KWATHU?

Malire a swaumu sitiika ndife. Surah Al-Baqarah, ndime 187, inaika chiyambi pa kutuluka kwa m'bandakucha ndi mathero pa kulowa kwa usiku. Kuno ku chigwa cha Dedza, Ramadhan ikagwa mu Juni timamanga maola pafupifupi 12 ndi theka. Ikagwa mu Disembala timapitirira maola 14 pang'ono. Mu Febuluwale ndi Malichi, m'bandakucha umatuluka cha m'ma 4.30 ndipo dzuwa limalowa itangokwana 6 koloko, ndiye kuti maola 13 ndi theka. Abale athu a ku London, pamene Ramadhan inagwa mu Juni m'zaka za 2015 mpaka 2017, ankamanga maola opitirira 18. Kodi iwo swaumu yao inali yoposa yathu chifukwa cha kutalikako? Ayi, ali yense anakwaniritsa malire amene Allah anamuikira pa malo pake.

Paja mwezi wa Ramadhan umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chiri chonse, ndipo umazungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. Mu 2025 unayamba kumayambiriro kwa Malichi, mu 2026 chapakati pa Febuluwale, ndipo kuyambira 2028 mpaka 2030 udzayamba mu Januwale. Imeneyi ndi nyengo ya khasu, yopalira ndi kuoka mpunga, ndiponso ndi nyengo imene nkhokwe zimakhala zitapepuka. Pambuyo pake udzalowera ku Novembala ndi Okutobala, ndipo amene anamanga mu 2003 ndi 2004 akukumbukira mmene dzuwa la ku Golomoti limaotchera m'miyezi imeneyi. Choncho nkhani ya dakwi si yoseweretsa m'zaka zikubwerazi.

NJIRA YA MAOLA 16 NJOTANI?

Njira zimene ana athu akumva ziripo ziwiri zodziwika. Yoyamba amaitcha 16:8, kutanthauza kuti munthu amadya mkati mwa maola 8, mwachitsanzo kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndipo maola 16 otsalawo sadya. Yachiwiri amaitcha 5:2. Masiku asanu pa sabata munthu amadya monga mwa masiku onse, koma masiku awiri amangodya gawo limodzi mwa magawo anai. Njira yachiwiriyi inatchuka mu 2012 chifukwa cha Michael Mosley wa ku Britain, amene anaionetsa pa BBC.

Mvetsetsani kusiyana kwake ndi swaumu. Choyamba, pa maola 16 amenewo, maola 7 kapena 8 munthu amakhala ali mtulo. Chachiwiri, iye amamwa madzi nthawi iri yonse imene wafuna, ngakhale tiyi wopanda shuga. Ife timamanga masana, tiri maso, tiri pa ntchito, ndipo ngakhale dontho la madzi silidutsa pa khosi. Tsono werengani nokha. Munthu amene wadya komaliza 9 koloko usiku nagona osadzukira dakwi, pofika 6 koloko madzulo a mawa lake wakhala maola 21 wopanda chakudya ndi madzi. Zimenezi si njira ya madokotala ija, ndiponso si Sunnah. Kumeneko nkudzizunza.

CHIMACHITIKA NCHIYANI M'THUPI?

Tikadya nsima kapena mpunga, chakudyacho chimasanduka shuga m'magazi. Wina thupi limagwiritsa ntchito pompo, wina limasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo wotsala limamusandutsa mafuta. Chiwindi chiri ngati kankhokwe kakang'ono ka pakhomo, kamasunga magalamu pafupifupi 100 basi. Mafuta ndiwo nkhokwe yaikulu. Pakapita maola 12 kapena kuposerapo munthu asanadye, kankhokwe kakang'ono kaja kamakhala katachepa, ndipo thupi limayamba kutapa kwambiri m'nkhokwe ya mafuta. Ndiye kuti swaumu yathu ya maola 13 imafika kale pamenepo popanda kuonjezera kanthu.

Koma nkhokwe sichepa ngati zimene watapa masana ukubwezeramo usiku ndi chiongoladzanja. Apa ndi pamene pagona nkhani. Dziwaninso kuti sikelo ikatsika msanga masiku oyamba a Ramadhan, zambiri zimene zachoka ndi madzi, osati mafuta. Musasangalale nazo msanga, ndipo musadandaule zikabwerera.

MADOKOTALA ANAPEZA CHIYANI?

Ku San Francisco, dziko la America, mu 2020 anayesa anthu 116 kwa masabata 12. Ena anauzidwa kudya kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, osauzidwa kuchepetsa chakudya. Ena ankadya katatu pa tsiku. Mapeto ake magulu onse awiri anatsika ndi kilogalamu yosakwana imodzi.

Ku Guangzhou, dziko la China, mu 2022 anatulutsa zotsatira za anthu 139 onenepa amene anawatsatira chaka chathunthu. Onse anachepetseredwa chakudya mofanana, koma gulu limodzi linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo. Gulu limeneli linatsika ndi makilogalamu 8.0, linalo 6.3, ndipo kusiyanako kunali kochepa moti madokotala sanathe kunena kuti kwadza chifukwa cha maola. Chimene chinatsitsa onsewo ndi kuchepa kwa chakudya.

Ku Alabama, America momwemo, chaka chomwecho cha 2022, anthu 90 anayesedwa kwa masabata 14. Amene ankatsiriza kudya pofika 3 koloko masana anatsika ndi makilogalamu 2.3 kuposa anzao. Apa tikuona kuti pamene nthawi yathandiza, nkudya molawirira, osati kudzaza mimba usiku nkupita kukagona.

Nanga za Ramadhan yeniyeniyo? Mu 2019 akatswiri anasonkhanitsa zofufuza 70 za m'maiko osiyanasiyana, zokhudza anthu pafupifupi 3,000. Anapeza kuti pa mwezi wonse munthu amatsika ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndipo pakangopita masabata awiri mpaka asanu Idi itadutsa, zambiri zimakhala zitabwerera.

CHIFUKWA NINJI ENA AMANENEPA M'RAMADHAN?

Tisabisane, abale. M'makomo mwa amene Allah anawapatsa, mwezi wosala ndi umene shuga ndi mafuta ophikira zimatha msanga kuposa miyezi yonse. Adhana ikangomveka, pamkeka pali mandasi, zitumbuwa, samusa, chipisi, tiyi wa masupuni anai, Sobo, kenaka mpunga wamafuta, kenakanso nsima. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika Taraweh munthu akulephera kuwerama pa ruku.

Tiyeni tiwerengere. Supuni ya tiyi imodzi imanyamula magalamu 4 a shuga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo nkwabwino koposa atalekezera pa 6. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 liri ndi masupuni pafupifupi 8. Makapu awiri a tiyi wa masupuni anai, 8 enanso. Taonani, mwapyola kale malire musanakhudze nsima. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imanenepetsa mofanana ndi masupuni a tiyi 7 a shuga, ndiye ganizani mafuta amene mandasi atatu amwa m'chiwaya.

Ndipo amene wasiya dakwi ndi amene amagwa kwambiri mu msampha umenewu, chifukwa amafika pa futari ali ndi njala ya fisi, sangathenso kudziletsa.

Qur'an, mu Surah Al-A'raf ndime 31, inaloleza kudya ndi kumwa koma inaletsa kupyola muyeso. Mu Tirmidhi muli chiphunzitso cha Mtumiki (S.A.W.) chogawa mimba patatu: malo a chakudya, malo a madzi, ndi malo opumira. Amene angasunge muyeso umenewu kwa masiku 30 sasowanso njira ya 16:8.

DONGOSOLO LA USIKU WA WOSALA

1. Masulani msanga. Dzuwa likangolowa, musadikire. Bukhari ndi Muslim onse awiri analemba kuti kufulumiza kumasula ndi chizindikiro cha ubwino pa anthu. Mtumiki (S.A.W.) analetsanso maswahaba kulumikiza masiku awiri osamasula. Iye ankamasula ndi tende, ndipo akasowa ankamwa madzi. Ngati tende wadula pa msika, madzi alipo, nthochi iripo, papaya ndi mango pa nyengo yake. Tende atatu akwana, si thumba lonse.

2. Imani, kaswalini Magharibi. Mphindi 10 kapena 15 zimenezi zimapatsa mimba mpata wozindikira kuti yalandira kanthu, ndipo pobwerera pa mkeka dyera limakhala litazirala.

3. Chakudya chenicheni chikhale chimodzi, pakati pa Magharibi ndi Isha. Theka la mbale likhale masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, chigwada. Gawo lina nsomba kapena nyemba, nandolo, khobwe. Gawo lotsalalo nsima kapena mpunga, osati zonse ziwiri. Ngati munazolowera mitanda itatu, yesani iwiri. Usipa, utaka ndi chambo, kuphika kapena kuotcha nkwabwino kuposa kukazinga m'mafuta ambiri. Zokazinga zikhale za apa ndi apo.

4. Mukabwerako ku Taraweh musatenthetsenso mphika. Imwani madzi, idyani chipatso ngati njala iripo, kenaka gonani. Madzi a malambe kapena a bwemba ndi abwino, bola osadzaza shuga. Thobwa ndi chakudya, musaliwerengere ngati madzi. Kuyenda pansi popita ndi pobwera ku mzikiti kumathandiza chakudya kugayika.

5. Madzi imwani pang'onopang'ono usiku wonse, makapu 8 kapena kuposerapo, osati chidebe chonse nthawi imodzi. Mkodzo ukakhala wofiirira kwambiri m'mawa, dziwani kuti madzi achepa.

6. Dzukirani dakwi, ndipo muchedwetse. Mtumiki (S.A.W.) anaphunzitsa kuti m'chakudya chimenechi muli baraka. Zaid bin Thabit anasimba kuti pakati pa dakwi ndi swala ya Subuhi pankadutsa nthawi yongokwanira kuwerenga ndime 50 za Qur'an. Kudya 12 koloko usiku nkumati ndadyeratu dakwi, kumeneko nkutalikitsa swaumu ndi maola anai popanda phindu. Idyani zokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata kapena chinangwa chophika, nyemba za dzulo, dzira, mkaka. Buledi ndi tiyi wa shuga wambiri zimatha msanga, pofika 10 koloko miyendo yayamba kunjenjemera. Nsomba za mchere wambiri ndi tsabola zimaitana ludzu.

Wofuna kuchepetsa thupi achepetse pa futari, asachepetse pa dakwi.

Inu asodzi amene mumagona pa nyanja ndi nyali kufuna usipa, nyamulani madzi okwanira ndi mbatata kapena chinangwa m'bwato, mudye m'bandakucha usanatuluke. Musadalire kuti mudzafika pa doko nthawi idakalipo. Inu alimi a mpunga ku Bwanje ndi inu a kabaza pa msewu wa M5, ntchito yolemetsa igwireni kuyambira mukangoswali Subuhi, ndipo dzuwa likafika pa liwombo pumulani pa mthunzi. Anthu a ntchito zotere kawirikawiri alibe mafuta oti achepetse, choncho iwo adye mokwanira, malangizo ochepetsa mitanda aja si ao.

AMENE AYENERA KUSAMALA

Allah sanafune kutipatsa chobvuta. Mu Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, wodwala ndi wa paulendo analoledwa kumasula nkudzabweza masiku ena, ndipo amene sangathe konse, monga nkhalamba ndi wodwala matenda osachira, amapereka fidya podyetsa wosauka. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa amene akuopera moyo wake kapena wa mwana nayenso ali ndi chilolezo, afunse kwa Shehe wa pa mzikiti wake za kabwezedwe. Mai wotere asayese konse njira iri yonse yochepetsera thupi. Chimodzimodzinso ana amene akukula, ndi munthu amene ali woonda kale.

Odwala shuga, makamaka obaya insulin, odwala impso, zilonda za m'mimba, ndi onse akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a TB kapena ma ARV, pitani ku chipatala cha Mua kapena chiri chonse cha pafupi nanu mwezi usanaoneke. Musasinthe nokha nthawi ya mankhwala, ndipo musasiye kumwa. Bungwe la International Diabetes Federation pamodzi ndi madokotala a Chisilamu linatulutsa malangizo mu 2016, nkuwakonzanso mu 2021. Iwo akuti wodwala shuga amasule pomwepo ngati makina aonetsa pansi pa 70, kapena pamwamba pa 300. Pa makina owerenga mwa njira ina, manambala amenewa ndi 3.9 ndi 16.6. Kudzibaya pa chala poyeza shuga sikuononga swaumu. Ngati palibe makina, koma munthu akunjenjemera, akutuluka thukuta lozizira, akuona chizungulire kapena akulankhula zosokonekera, mpatseni madzi a shuga msanga, musadikire adhana. Tsiku limabwezedwa, moyo subwezedwa.

IDI IKADUTSA

Taona kuti thupi limabwerera msanga Ramadhan ikatha. Chifukwa chake nchakuti mbale imabwerera mwakale. Amene akufunadi kupepuka asunge zinthu zitatu chaka chonse. Choyamba, mgonero ukhale wolawirira, chapafupi ndi Magharibi, ndipo pambuyo pake madzi okha mpaka m'mawa. Mukadya 6.30 madzulo nkudzadyanso 7.30 m'mawa, mwakhala maola 13 popanda kubvutika. Chachiwiri, shuga wa m'tiyi atsike, supuni imodzi mwezi uno, inanso mwezi wamawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachitatu, kwa amene ali ndi mphamvu, swaumu za Sunnah ziripo: masiku 6 a Shawwal, Lolemba ndi Lachinai, ndi masiku a 13, 14 ndi 15 a mwezi uli wonse wa Chisilamu. Zimenezi timamanga pofuna malipiro kwa Allah, ndipo malamulo a dakwi ndi futari ndi omwewo.

Potsiriza, abale anga, m'zaka zimene Ramadhan ikugwa m'miyezi ya njala, pamudzi pomwepo pali khomo limene likudandaula za kunenepa ndi khomo lina limene likumasula ndi madzi okha. Mu Tirmidhi timaphunzira kuti wompatsa futari munthu wosala amapeza malipiro ofanana ndi a wosalayo, popanda kumuchepetsera mwini wake. Tsono mtanda wachitatu uja, ndi ndalama ya Sobo ija, musaziwerengere ngati zotayika. Tumani mwana akapereke kwa mai wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu dzuwa lisanalowe.

Allah alandire swaumu yathu ndi swala zathu, achize odwala athu, adalitse minda ndi nyanja yathu, ndipo atikhululukire ife ndi makolo athu. Ameen.